Buku la Grisham ndi Makina Osokera a Alamu Anga

Kuno ku Karonga dzuwa la mwezi uno latikhazika tonse pansi pa mitengo ya mango. Munazolowera kuti Loweruka lililonse madzulo ndimalemba pano za mawu amene tikawerenge mawa lake m'kachisi. Masabata atatu apita ndisanalembe, ndipo ena mwafunsa kwa mayi a kunyumba ngati matenda a shuga andigwetsanso. Shuga alipo, koma si iye amene ananditseka pakamwa. Chinanditseka pakamwa ndi buku la nthano yopeka, lolembedwa ndi mzungu wa ku America dzina lake John Grisham. Lero ndilemba za bukulo, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto, makamaka inu a m'banja mwathu. Ndalemba m'Chichewa monga mwa masiku onse, kuti adzukulu obadwira m'tauni, amene Chinkhonde chimawapita pambali, asadzanene kuti agogo anawabisira.

Amene mumandidziwa mwadabwa kale. Ine ndinakulira m'nyumba imene inali ndi mabuku atatu okha: Baibulo, buku la nyimbo, ndi kope limene bambo ankalembamo mayina a anthu obwereka ng'ombe zolimira. Bambo anaphunzirako pang'ono ku Khondowe, ndipo anabwerako ndi chiphunzitso chakuti nkhani imene sinachitike ndi bodza, ngakhale itasindikizidwa ku London. Ku sekondale ndinawerenga nthano zimene zinali pa silabasi, ndinakhoza mayeso, ndipo ndinaziiwala. Nditalowa ntchito ya boma m'chaka cha 1979, ndinapeza anzanga a mu ofesi akubwerekana timabuku ta James Hadley Chase. Ankatikuta ndi nyuzipepala chifukwa cha zithunzi za pachikuto, komanso chifukwa masiku amenewo bungwe lopima mabuku ndi mafilimu linali ndi mphamvu, ndipo munthu sunkadziwa kuti ndi buku liti laletsedwa mwezi uno. Kalaliki ankaika kabukuko m'kati mwa fayilo, n'kumaoneka ngati akulimbana ndi nkhani ya malipiro a munthu. Ine ndinkawayang'ana ndi diso la Mfarisi. Ndinkati mumtima: mfuti, ndalama zakuba ndi akazi osavala bwino, munthu wamkulu n'kutaya nazo tsiku? Mwana wanga woyamba akukumbukira, ndipo mwina akuseka kumene aliko, kuti ali Fomu 3 ndinapeza buku lotere pansi pa pilo wake n'kuliponya pamoto. Pambuyo pake ndinamva kuti linali lobwereka, ndipo mayi ake ndi amene analipira mwakachetechete.

Tsono mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba, anabwera kudzationa ndi chikwama cholemera. Pobwerera anasiya buku limodzi patebulo, mwadala kapena moiwala, akudziwa ndi mwini wake. Anali ataligula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Lilongwe. Masamba ake anali achikasu, chikuto chitayamba kumatuka. Dzina lake The Testament. Ndivomere kuti dzinali ndi limene linandinyenga, chifukwa ndinayesa kuti ndi buku lofotokoza Chipangano Chakale kapena Chatsopano. Sabata yomweyo ndinaponda msomali kuseri kwa khola, ndipo chifukwa cha shuga adokotala anandilamula kukhala pansi, mwendo uli m'mwamba, kwa masiku 14. Ndinalitsegula Lachiwiri masana, ndikudziuza kuti ndi udindo wa gogo kudziwa chimene chikulowa m'mutu mwa mwana.

Chipangano chake chinali china. Inali wilu, kalata imene munthu amalemba yonena mmene chuma chake chidzagawidwire akadzatisiya.

Nkhaniyo imayamba ndi nkhalamba yotchedwa Troy Phelan, ya zaka 78, mwini chuma cha madola 11 biliyoni. Kuti mumve kukula kwake, ndalama zimenezi sizisiyana kwenikweni ndi chuma chimene dziko lonse la Malawi limapanga pa chaka chathunthu. Mkuluyu anakwatira katatu n'kusudzula katatu, ali ndi ana 6 amoyo, ndipo onsewo akungoyembekeza tsiku la maliro ake. Iye akuwadziwa. Akuitanitsa madokotala atatu a matenda a maganizo kuti amufunse mafunso pamaso pa makamera ndi kutsimikiza kuti mutu wake ukuyenda bwino. Akusaina wilu yaikulu imene mabanja onse akuikondwerera. Anthu atangotuluka, akusolola mapepala ena amene analemba ndi dzanja lake, akusaina, akudzuka pa njinga ya olumala imene aliyense ankayesa kuti sangachokepo, n'kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa nyumba yake yosanja. Mitu yoyambirirayo amaifotokoza ndi mwini wake, ndi pakamwa pake, kufikira pamene akudumpha. Ndinatseka buku, ndinavula magalasi, ndipo ndinayang'ana nkhuku pabwalo kwa kanthawi. Ndi wolemba wamtundu wanji amene amapha wofotokoza nkhani, nkhaniyo isanafike kulikonse?

M'mapepala a dzanja aja anali atalemba kuti ana ake awalipirire ngongole zawo basi, ndipo chuma chonse chotsala chipite kwa Rachel Lane, mwana wake wa kunja kwa ukwati amene a pabanja sankamudziwa, mmishonale wokhala pakati pa anthu a m'nkhalango ku Brazil, kopanda foni, kopanda msewu. Woti akamufune ndi loya wotchedwa Nate O'Riley, chidakwa chimene angochitulutsa kachinayi kumalo othandizira anthu kusiya mowa. Banja linamuthera kawiri, ndipo boma likumusaka pa nkhani ya msonkho. Ameneyu ndi amene akutumidwa kwa mzimayi woopa Mulungu ndi mapepala oti asaine.

Sindibisa mmene bukuli linandigwirira. Usiku woyamba magetsi anazima cha m'ma 8 koloko, ndipo ndinapitiriza ndi tochi ya foni m'kati mwa neti, thukuta likutsika. Mayi anatembenuka n'kunena kuti, "Abambo, zaka zonsezi sindinakuonenipo mukuwerenga Levitiko ndi changu chotere." Ndinasowa poyankha. Ndinkati ndimalize mutu uwu ndigone, koma mutu uliwonse unkatha ngati munthu amene wakutsegulira chitseko pang'ono n'kuchokapo. Usiku wachitatu tambala woyamba analira ine ndili m'bwato pa mtsinje wa Paraguay, injini ikuvuta, mvula ikubwera. Lachisanu abusa anabwera kudzandizonda, ndipo nditangomva mawu awo pabwalo ndinapeza dzanja langa likukankhira bukulo pansi pa khushoni, ndendende ngati makalaliki aja a 1979. Ndinachita manyazi kawiri, poyamba chifukwa chowerenga, kenako chifukwa chobisa.

Ndinaimbira mdzukulu kuti andiuze za munthuyu. Anabadwa mu 1955 ku Arkansas, ndiye kuti ndife a msinkhu umodzi, wangondiposa ndi zaka zochepa. Anali loya m'katauni kena ka ku Mississippi kwa zaka pafupifupi 10, ndipo anakhalaponso phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawocho. Buku lake loyamba, A Time to Kill, ankalilemba m'bandakucha asanapite kuntchito. Makampani ambiri osindikiza analikana, ndipo litatuluka mu 1989 anangosindikiza makope 5,000. Lachiwiri, The Firm, la 1991, ndi limene linamutchukitsa, ndipo kuyambira pamenepo mabuku ake agulidwa oposa 300 miliyoni. The Testament linatuluka mu 1999. Anandiuzanso kuti munthuyu ndi wa mpingo wa Baptist, anaphunzitsapo Sande sukulu, ndipo ku Brazil kumene akufotokoza anapitako ndi miyendo yake pa maulendo a mpingo. Nditamva izi mtima unakhala pansi, kenako ndinadziseka. Bukulo linali lomwe lija la dzulo. Chimene chinasintha n'chakuti ndinapeza chikalata chondilola kulikonda. Ife a m'boma sitikhulupirira kanthu kopanda chidindo.

Luso lake si lobisika. Chingerezi chake n'chosavuta, mwana wa Fomu 2 akhoza kuchimva, ndipo ziganizo zake n'zazifupi. Nkhani imayenda ndi miyendo iwiri: mutu uwu uli ku Virginia pakati pa maloya amene akunong'onezana za gawo lawo, mutu wotsatira uli m'madambo a Pantanal, ndipo amakuchotsa kulikonse pa nthawi imene sukufuna kuchokako. Ife alaliki, amene timauza anthu mathero a uthenga m'mphindi zisanu zoyambirira n'kuwasunga ola lathunthu kuti awamvenso, tili ndi choti tiphunzirepo. Koma imeneyo ndi nkhani ya ku seshoni.

Pantanal ndi dambo lalikulu kuposa dziko lathu lonse, nyanja n'kuphatikizapo. Madzi akasefukira mitsinje imasiya njira zake, ndipo woyendetsa bwato sadziwa ngati ali mumtsinje kapena m'busa la ng'ombe za munthu. Izi sizinali zachilendo kwa ine. Amene munaona North Rukuru kapena Songwe atakwiya, ndi anthu a ku Kaporo akusenza mphasa kupita kumtunda, mukudziwa kale theka la ulendo wa Nate. Udzudzu wake ndi wathu womwe uno. Ndipo munthu wokana moyo wofewa kuti akakhale kumene malungo amapha, ife a Sinodi ya Livingstonia sitichita kumumva kwa ena: manda a anthu otere ali ku Cape Maclear, kumene mishoni inayambira mu 1875, ndi ku Bandawe, kumene inasamukira mu 1881.

Koma pomwepo ndi pamene ndili ndi chodandaula. Anthu a m'nkhalango amene Rachel akuwatumikira ali m'bukumo ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Amalondolera njira, amadwala, amaikidwa m'manda, koma salankhula zakukhosi kwawo. Sitimva chimene iwo akuganiza za mlendo ameneyu, kapena za madola amene akumutsata. N'chimodzimodzi ndi mbiri zina za mishoni, zimene mumapezamo dzina la mzungu aliyense ndi tsiku limene anadwala, koma agogo athu amene anamunyamula pa machila alibe mayina. Ana a Phelan nawonso anawapaka utoto umodzi wokhawokha: opusa, adyera, osamvetsa chisoni. Pa zaka 39 zimene ndinagwira ntchito ya boma sindinakumanepo ndi munthu woipa mbali zonse. Grisham amafuna kuti uthamange, ndipo wothamanga saona bwino nkhope za anthu.

Ana amenewa ndinawaseka kwambiri. Wilu isanawerengedwe n'komwe, iwo akugula kale magalimoto ndi nyumba pa ngongole. Ndinkafotokozera mayi n'kumati, "Taonani azungu, chuma chonsechi koma umbombo wosatha." Kuseka kunatha nditafika pa munthu wina wotchedwa Snead. Iyeyu anali wantchito wa nkhalamba ija kwa zaka 30, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti bwana wake anali ndi nzeru zake zonse. Atapeza kuti sanamusiyire kalikonse, akupita kwa maloya a ana aja kukagulitsa umboni: iye anene kuti mkuluyo anali wozungulira mutu, iwo amupatse ndalama. Ndipo maloyawo, anthu ophunzira, ovala bwino, akukhala naye pansi n'kumuphunzitsa bodza lake mwadongosolo, akulemba, akukonza, akubwereza. Palibe akukuwa, palibe wagwira chikwanje. Ndi mapepala okhaokha ndi zolembera. Pamenepo ndinasiya kuona Virginia. Ndinaona bwalo la kwathu m'mwezi wa Ogasiti 1996, ndi ine mwini nditakhala pampando, kope lili pabondo.

Zimene ndilembe tsopano ndapempha chilolezo kwa mwini wake. Mayina sinditchula, achibale mukuwadziwa.

Achimwene anga aakulu anamwalira chaka chimenecho atadwala miyezi isanu. Anasiya mkazi ndi ana anayi, wamkulu ali Fomu 1. Sanali olemera: ng'ombe 9, dimba la mpunga, njinga, wailesi, nyumba ya malata, ndi makina osokera a Singer amene ankakhala pakhonde. Wilu sanalembe, masiku amenewo munthu akatchula za wilu tinkati akudziitanira imfa. Titamaliza miyambo ya maliro, akuluakulu a banja anakhala pansi pa mtengo. Mawu amene analamulira tsikulo anali amodzi: tinapereka ng'ombe za malowolo, choncho ana ndi athu, ndipo katundu wa pakhomo pano ndi wa mtundu uno. Alamu anga anakhala chapatali pamphasa, mutu wometa, pakati pa amayi anzawo, ndipo palibe anawafunsa kanthu. Ine ndinachokera ku Lilongwe ndi suti yakuda. Popeza ndinali wophunzira wa pabanja, anandipatsa kope kuti ndilembe katundu aliyense ndi womulandira.

Ndinkadziwa lamulo, ndipo ichi ndi chimene chikundiwawa. Lamulo la nthawi imeneyo, la 1967, linali lopsinja amayi, koma ngakhale ilo linkanena kuti kumadera olowola ngati kuno, munthu akafa wopanda wilu, theka la chuma chake ndi la mkazi, ana ndi amene ankadalira malemuyo. Theka linalo ndilo la olowa m'malo mwa mwambo. Ndinali nditaziwerenga, ndinali nditazifotokozerapo anthu ena. Ndinkadziwanso chinthu china chimene sichinafune lamulo: makina aja sanali a achimwene. Alamu anawagula okha ndi ndalama za mpunga ndi zitumbuwa, ndipo ndi ine amene ndinawathandiza kuwakweza basi ku Mzuzu mu 1988. Mkulu wina atanena kuti makina apite kwa mlongo wathu, alamu anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanalankhule. Ine ndinawerama, n'kulemba ndi dzanja langa labwino lija limene mabwana ankaliyamikira: makina osokera, amodzi. Pamzere wapansi pake ndinalemba dzina langa, ndi ng'ombe ziwiri zazikazi.

Ndinadziuza kuti ndikusungira ana. Onse otenga za masiye amanena chomwecho, ndipo ambiri amazikhulupiriradi. Chaka chisanathe alamu anabwerera kwawo kufupi ndi Chilumba, chifukwa pakhomo panalibe chodyetsera ana, komanso anakana kulowedwa chokolo. Anatenga ana awiri aang'ono, aakulu anagawidwa kwa achibale. Ng'ombe ziwiri zija zinaswana. Ndinagulitsako ziwiri pamene mwana wanga woyamba ankapita ku koleji, ina pa ukwati wa wachiwiri. Mwana wamkulu wa achimwene anasiyira sukulu Fomu 2 chifukwa cha fizi. Ine ndinkatumiza kangachepe pa Khirisimasi, ndipo ndinkadziona ngati bambo wamng'ono wachifundo. Lero mnyamatayo ali ku Ngara, amagwira ntchito m'bwato la usipa la munthu wina. Ndipo mdzukulu amene anandisiyira bukuli, wophunzira zamalamuloyu, ndi mwana wa uja anapita ku koleji ndi ng'ombe zimenezo.

Akuluakulu anati mlandu suola. Kwa zaka zambiri ndakhala pa milandu ya anthu ena ku seshoni, ndikugwedeza mutu. Ndalalikirapo za munda wa Naboti, za Zakeyu, za mneneri Natani ndi kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. Natani sanafike kwa Davide ndi mlandu. Anafika ndi nthano yopeka, ndipo mfumu inakwiyira munthu wa m'nthanomo isanadziwe kuti ikudziweruza yokha. Nkhani imeneyi ndaiphunzitsa kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ndinkaima kumbali ya Natani. Ndikuganiza kuti mawu amene tawazolowera kwambiri timadziwa kale pamene ali ndi minga, ndipo timaponda mochenjera. Buku la Grisham linandipeza ndisanakonzeke, ndili chigonere, ndikuseka azungu. Bambo anga akanakhala moyo ndikanawafunsa mwaulemu ngati Natani naye ananena bodza.

Nate amamupeza Rachel, ndipo Rachel amakana kusaina. Safuna ngakhale tambala imodzi ya chuma cha bambo wake. Zimene zikuchitika pambuyo pake sindikuuzani, chifukwa pali kale anthu anayi amene alembetsa kuti abwereke bukuli, mmodzi wa iwo ndi mkulu wa mpingo mnzanga amene wandipempha kuti ndisamutchule. Ndingonena kuti kukana kwa Rachel sikunandigwedeze monga mmene wolemba ankafunira. N'kosavuta kukana madola 11 biliyoni amene sunawagwirepo. Kubweza ng'ombe ziwiri zimene unadya kale, n'kumangirapo moyo wa ana ako, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo m'bukumo mulibe.

Usiku umene ndinamaliza kuwerenga ndinawauza mayi zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Abambo, ine ndinali pamphasa pomwe paja tsiku lija. Ndinkadikira kuti mudzayambe ndinu."

Mwendo utapola, Lachitatu la sabata yatha tinakwera minibasi ya ku Chilumba, titanyamula sopo, mchere ndi thumba la mpunga wa Kilombero. Alamu tinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Akalamba, ndipo maso akuwavuta. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anatuma mwana kuti akagwire nkhuku. Ine ndinayamba kuzungulira: mvula, mtengo wa fetereza, maliro a uje. Ndinazungulira mpaka mayi anandiponda phazi, lodwala lomwe lija.

"Alamu," ndinatero, "ndabwera pa nkhani ya katundu wa achimwene. Tsiku lija ndinalemba zinthu zimene ndinkadziwa kuti si zoona. Makina aja anali anu."

Anakhala chete, mpeni uli m'manja. Kenako anati, "Cholembera chanu chinali chofiira, cha kachitsulo konyezimira. Ndimachikumbukira kuposa nkhope za amene ankalankhula."

"Ndinalakwa, alamu. Mundikhululukire."

"Mwachedwa, alamu, koma mwafika. Wakutumani ndani? Abusa?"

Ndinawauza zoona, kuti ndi buku la mzungu wa ku America. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta maso ndi nsalu. "Ndiye ife tinalira zaka zonsezi pafupi pompano inu osamva, mzungu wa kutali walankhula kamodzi mwamva." M'buku lonse lija mulibe mawu amene anandilasa ngati amenewa.

Ndinati ndiwagulire makina ena. Anakana. "Ndisoka ndi maso ati? Makina ndinkawafuna pamene ana ankafuna yunifolomu ndi fizi. Za kukhululuka, ine ndi Mulungu wanga tinathana nazo kale, chifukwa sindikanatha kulima ndi mtolo umenewo pamutu. Koma amene munamudyera si ine ndekha. Pitani ku Ngara." Nkhuku ija tinadya, ndi kondowole, ndipo anatiperekeza mpaka kumsewu.

Pobwerera ndinaimbiranso mdzukulu, ndipo anandikumbutsa zimene ndinayenera kuzidziwa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Tsopano munthu akafa wopanda wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankamudalira. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene ungamangitse munthu. Anandichenjezanso kuti ndisatengere za Phelan: ku Virginia wilu ya dzanja la mwini imatha kuvomerezedwa popanda mboni zosainira, koma kuno wilu imafuna kuti usaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Kenako anandifunsa kuti, "Agogo, yanu ili kuti?" Ine amene ndinatha zaka 39 ndikulemba mapepala a anthu ena, langa ndinalibe. Nyumba imene tikukhalayi tinamanga awiri ndi mayi, iwo ndi amene ankatunga madzi oumbira njerwa, koma palibe pepala lililonse limene likunena zimenezo. Ndayamba kulemba, ndipo mboni ndapeza kale.

Ku Ngara ndinapita ndekha Lachisanu. Asodzi a usipa amagwira ntchito usiku ndi nyali, choncho ndinafika masana kuti ndimupeze kumtunda. Anali pamchenga akusoka ukonde, mwamuna wa zaka 43, wa imvi kale, nkhope ya achimwene yeniyeni. Anandipatsa moni mwaulemu, anandiitana kuti bambo monga mwa masiku onse, ndipo anamvetsera osasiya kusoka. Nditamaliza anati, "Ndamva, bambo. Sindingayankhe ndekha. Ndimve kaye kwa amayi ndi kwa azing'ono anga." Anandiuza kuti mwana wake wamkazi ali Sitandade 8 ndipo amakhoza masamu. Sanapemphe kanthu, anangonena.

M'khola mwanga muli ng'ombe 7, ndipo zonse zinachokera kwa ziwiri zija. Mmene tiwerengere zimene ndinagulitsa, ndi za dimba, ndi za makina, sindingagamule ndekha, chifukwa kugamula ndekha ndi kumene kunandifikitsa pano. Ndapempha kuti tikumane ngati banja pa 27 Disembala, pansi pa mtengo womwe uja, ndipo ulendo uno alamu ndi ana awo anayi akhale pamipando. Mkulu wina wandiimbira kale kuti ndikufukula maliro ndi kuchititsa manyazi akuluakulu amene anagona. Ndamumva, ndipo ndikumuitana kuti adzanene zimenezo pabwalo. Inu amene munalipo mu 1996 ndipo muli moyo, bwerani. Inu a kutali, tidzakuimbirani pa WhatsApp.

Kope lija ndalipeza pansi pa sutikesi yachitsulo, pamodzi ndi makalata anga a penshoni. Inki ikuwerengekabe. Ndibwera nalo.

Mdzukulu wafunsa ngati anditumizire lina la Grisham. Ndamuuza kuti adikire Januwale.